ROBIN HOOD WAFIKA M'NYUMBA ZATHU

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za cithunzithunzi cakale ca baisikopo, cimene dzina lace ndi The Adventures of Robin Hood. Cinapangidwa ku America ndi kampani ya Warner Brothers, nicituluka m'caka ca 1938. Kale munthu wofuna kuona zotere anayenera kupita ku holo ndi kulipira pa khomo, koma mu 2003 eni ace anacikonzanso nacigulitsa pa timbale ta DVD, ndipo mu 2008 anacitulutsanso pa timbale ta Blu-ray, kuti anthu azionera ali khale m'nyumba zao.

Cimene candikambitsa nkhaniyi ndi mkangano umene ndinauona ndi maso anga. Mwezi watha ndinapita kwathu ku Chiparamba kukaona agogo anga amuna, amene zaka zao zayandikira 90, ndipo pa unyamata wao anagwira nchito ku mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya. Mphwanga anali atabwera nako kambale ka Robin Hood kucokera mu Chipata, ndipo titatha kudya nsima analumikiza makina ace ku batire ya sola. Ana a pa mudzi anadzaza nyumba, ena nasuzumira pa zenera. Malupanga atangoyamba kulira, azakhali anga anaimirira nati, "Zimitsani cimeneci! Mufuna ana awa aphunzire ndeu ndi kuba?" Agogo anakweza ndodo yao nati, "Khalani pansi, mai. Ife anatidulira baisikopo ndi sizasi pamene tinali ndi ndebvu kale. Lero ndifuna ndione nkhani yonse kufikira pothera pace."

Onse awiri anali ndi mau oyenera kuwamva. Cifukwa cace ndifotokoza poyamba za cithunzico, ndipo pambuyo pace tidzabwerera ku mlandu wao.

NKHANI YACE

Nkhani icitika ku England zaka zoposa 800 zapitazo. Mfumu Richard wapita ku nkhondo kutali, ndipo pobwerera wagwidwa ukaidi ku Austria. Mng'ono wace John walanda mpando. Iye ndi nduna zace, za mtundu wa Anormani, asenzetsa anthu wamba, a mtundu wa Asaksoni, msonkho wolemera, namanena kuti ndalamazo nzokaombolera mfumu, cikhalireco afuna kuzidya okha. Wolephera kukhoma msonkho amlanda ng'ombe ndi dzinthu, amkwapula, kapena kumpacika pa mtengo.

Pamenepo aoneka Robin wa ku Locksley, katswiri wa uta ndi mibvi. Apulumutsa mmphawi amene anagwidwa atapha mbawala ya mfumu cifukwa ca njala, ndipo iye mwini asenza nyamayo pa mapewa, nalowa nayo m'nyumba ya madyerero ya John, naiponya pa gome pamaso pa akulu onse. Kucokera tsiku limenelo akhala munthu wosakidwa, nathawira m'nkhalango ya Sherwood. Kumeneko asonkhanitsa anzace: Little John, cimphona cimene anamenyana naco ndi ndodo pa mlatho wa mtengo umodzi, Friar Tuck, wansembe wonenepa wokonda nyama, ndi ena ambiri. Alumbira kuti adzalanda kwa olemera ozunza anthu, kudyetsa anjala, ndi kusunga akazi ndi okalamba.

Mdani wace wamkulu ndi Sir Guy wa ku Gisbourne. Pofuna kumkola, adani akonza mpikisano woponya mibvi, podziwa kuti katswiri sangathe kudziletsa. Robin adza atadzibisa, napambana pong'amba pakati mubvi wa mnzace umene unali utalasa kale pacimake. Amgwira namweruza kuti anyongedwe, koma Marian, namwali wa ku nyumba ya mfumu amene anaona ndi maso ace kusauka kwa anthu m'nkhalango muja, athandiza anzace a Robin kumpulumutsa. Potsiriza Richard abwera mobisika atabvala ngati wansembe, Robin apha Sir Guy pa nkhondo ya malupanga pa makwerero a linga, John apitikitsidwa, ndipo Robin akwatira Marian. Zonsezi zitha mphindi 102.

ZOONA NDI ZOPEKA

Tsono tisiyanitse mbiri ndi nthano. Richard anakhalakodi, nalamulira kuyambira 1189 kufikira 1199. Nzoona kuti anagwidwa pafupi ndi mzinda wa Vienna mu 1192, namasulidwa mu 1194 anthu ace atasonkha cuma cambirimbiri. Koma sanali mbusa wabwino monga cithunzi cimuonetsera, pakuti pa zaka 10 za ufumu wace anakhala m'dziko la England miyezi yowerengeka cabe. Ndiponso John sanathere pamenepo. Richard atafa mu 1199 iye ndiye analowa ufumu, ndipo mu 1215 nduna zace zinamkakamiza kubvomera cipangano cochedwa Magna Carta, cimene cinanena kuti ngakhale mfumu iri pansi pa lamulo.

Robin Hood mwini ndi munthu wa m'nyimbo ndi m'nthano. Dzina lace lipezeka m'buku la ndakatulo la Cingelezi lolembedwa ca m'ma 1377, ndipo m'nyimbo zoyamba sanali mwana wa mfulu yolemera iai, koma munthu wamba. Za udani wa Anormani ndi Asaksoni zinachuka ndi buku la Ivanhoe, lolembedwa ndi Walter Scott zaka mazana ambiri pambuyo pace. Motero Angelezi anacita naye Robin monga ife ticita naye Kalulu: mbadwo uli wonse unamuonjezera zace, koma mtima wa nthano unakhala umodzi, ndiwo wakuti wamng'ono wocenjera agonjetsa wamkulu wankhanza.

ANTHU AMENE ANACIPANGA

Codabwitsa ncakuti nthano ya Angeleziyi inapangidwa ndi alendo ocokera ku maiko osiyanasiyana, monga m'mene mgodi umodzi usonkhanitsira Angoni, Awemba, Alozi ndi Atumbuka. Errol Flynn, amene ali Robin, anabadwira ku cisumbu ca Tasmania ku Australia mu 1909. Anachuka mu 1935 ndi cithunzi ca acifwamba a pa nyanja cochedwa Captain Blood, ndipo anafa mu 1959 ali ndi zaka 50 zokha, thupi lace litatha ndi kumwa. Olivia de Havilland, amene ali Marian, anabadwira ku Tokyo mu 1916, nakhala ndi moyo kufikira 2020, pamene anali ndi zaka 104. Basil Rathbone, amene ali Sir Guy, anabadwira ku Johannesburg mu 1892, ku Joni komwe kuja kumene makolo athu ambiri anakakumba golide. Michael Curtiz, amene anatsiriza kutsogolera nchitoyi atailandira kwa William Keighley, anali wa ku Hungary.

Wopeka nyimbo zace anali Erich Korngold, Myuda wa ku Vienna. Anamuitana ku America kuciyambi kwa 1938 kuti adzagwire nchito imeneyi, ndipo ali komweko, m'mwezi wa March, Hitler analanda dziko la Austria. Korngold ankanena pambuyo pace kuti Robin Hood ndiye anapulumutsa moyo wace. Nyimbozo zinalandira mphotho ya Oscar, imodzi mwa mphotho zitatu zimene cithunzici cinapata.

Nkhalango imene muiona si ya ku England, koma ndi ya Bidwell Park m'tauni ya Chico ku California. Ndipo inu okonda makaubo imvani ici: kavalo amene Marian akwerapo ndi yemwe uja anadzagulidwa ndi Roy Rogers, napatsidwa dzina lakuti Trigger.

MACENJERA A BAISIKOPO

Mwana wina anandifunsa usiku uja kuti, "Kodi amalume, anthu awa afadi?" Funso limeneli liyenera kuyankhidwa bwino, pakuti mwana wosadziwa yankho lace ndiye amakasema lupanga la nsungwi nalasa nalo mnzace m'diso.

Nkhondo ya malupanga ya m'baisikopo ndi gule. Panali mphunzitsi wace, dzina lace Fred Cavens, amene anakonzeratu kuponda kuli konse ndi kukantha kuli konse, ndipo amuna awiriwo anabwereza kambirimbiri kufikira manja ao atazolowera, monga m'mene obvina ngoma ya Angoni aphunzirira kugunda pansi nthawi imodzi. M'nkhondo yeniyeni munthu alunjika pa cifuwa ca mdani, ndipo zonse zitha m'kamphindi. M'baisikopo alunjika pa lupanga la mnzace kuti lilire, natambasula dzanja kwambiri kuti ngakhale wokhala kumbuyo aone. Rathbone anali katswiri weniweni wa lupanga kupambana Flynn, koma nkhani inamlamula kuti agonje, ndipo luso lace linali lakuti mnzace aoneke ngwazi popanda kupwetekana.

Za mibvi ndiye zoopsa. Masiku ano zotere azijambula ndi kompyuta, koma mu 1938 kunalibe. Analemba nchito katswiri wa uta, Howard Hill, kuti alase anthu ndi mibvi yeniyeni. Wolasidwayo anabvala citsulo pa cifuwa kapena pa msana, pamwamba pa citsulo naikapo thabwa la mtengo wofewa wochedwa balsa, ndi malaya pamwamba pace. Mubvi unalowa m'thabwa, nuima pa citsulo. Munthu ali yense analandira madola 150 pa mubvi umodzi. Inu a pansi pa mgodi mudziwa bwino tanthauzo la kuika moyo wako m'manja mwa mnzako cifukwa ca malipiro.

Tsono za maonekedwe ace. Zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zinali zakuda ndi zoyera, koma ici cinajambulidwa ndi njira yochedwa Technicolor. Kamera yace inali yaikulu ndi yolemera, ndipo m'kati mwace munali galasi logawa kuwala, kuti kugwere pa mafilimu atatu nthawi imodzi: yina yosunga zofiira, yina zobiriwira, yina zamtambo. Pambuyo pace anadinda mitundu itatuyo ndi utoto pa filimu imodzi. Nchito yotere inafuna nyali zotentha kwambiri ndi ndalama zambiri, ndipo cithunzi conse cinadya madola pafupifupi 2 miliyoni. Popita zaka mafilimu atatu aja anakhwinyata, ili yonse mwa njira yace, kotero kuti mitundu siinagwirizanenso bwino. Pokonza kambale ka 2003 anawajambula onse atatu ndi kompyuta, nawalinganiza mwatsopano. Ndico cifukwa cace malaya obiriwira a Robin awala lero ngati msipu wa mwezi wa January. Akulu amati tsobola wakale sawawa, koma uyu ndinamlawa ndekha, ndipo akali kuwawa.

BAISIKOPO YA MAKOLO ATHU

Tsopano tibwerere ku mau a agogo onena za sizasi, pakuti acinyamata ambiri sadziwa cimene anatanthauza. Baisikopo inafika m'makomboni a migodi kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Makampani a migodi anaonetsa zithunzi pa bwalo usiku, anthu mazanamazana atakhala pansi pa thambo. Ku midzi kunkafika galimoto ya Boma yonyamula makina ndi nsaru yoyera, ndipo kuyambira 1948 kufikira 1963 bungwe la Central African Film Unit linapanga zithunzi zophunzitsa anthu akuda za ulimi, za ukhondo ndi za kusunga ndalama. Koma cimene anthu anakonda koposa ndi makaubo. Ngwazi ili yonse ya pa kavalo anaicha Jeke, ndipo m'mawa mwace ana a m'komboni anali kuthamangitsana ndi mfuti zamitengo. Mai wina wa ku America, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, nalemba m'buku lace lochedwa Copper Town za m'mene anthu ankafuulira, kuimirira ndi kuponya nkhonya m'mwamba pothandiza Jeke.

Koma cithunzi cisanaonetsedwe kwa anthu akuda cinayamba capita kwa bungwe la Boma loyesa zithunzi. Iwo anadula mbali zimene anati siziyenera maso a Afirika: akazi obvala zosambira, kupsompsonana, kuledzera, ndi njira za akuba. Zithunzi zina anaziletseratu. Mzungu wa zaka zocepa anaona conse m'holo ya m'tauni, pamene bambo wa ana asanu, woboola mwala pansi pa nthaka, anayesedwa ngati mwana wosatha kusiyanitsa cithunzi ndi coonadi. Zotsala zinali zidutswa, ndipo popeza mau anali a Cingelezi ca ku America cobvuta kumva, anthu anatsata nkhonya ndi akavalo, namasulirana okha nkhani yace. Pambuyo pace odula omwewo ankati, "Taonani, anthu awa akonda ndeu cabe."

Ndiponso musaiwale kuti anthu a ku migodi anadziwa za msonkho koposa wopanga cithunzi ali yense. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, Nsingo mwana wa mfumu ataphedwa ndi ng'ombe zambiri zitalandidwa, kunadza msonkho wa nyumba, umene unaturutsa amuna m'midzi yozungulira Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, kukafuna ndalama ku Harare, ku Joni, ndi pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. M'mwezi wa May 1935 Boma litakweza msonkho wa anthu okhala ku migodi, anchito anakana kulowa pansi ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya, ndipo ku Luanshya anthu 6 anaomberedwa nafa. Izi zinacitika zaka zitatu zokha Robin Hood asanatuluke. Motero pamene agogo anaona asilikari a John akulanda ng'ombe ya mmphawi, sanafune womasulira. Anangoti, "Awa ndiwadziwa."

MLANDU WA AZAKHALI

Nanga azakhali analakwa kodi? Iai, sanalakwe. Televizyoni inayamba ku Kitwe mu 1961, matepi a vidiyo nafika m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero zithunzi ziyenda m'thumba pa foni. Mlonda wa pa khomo la holo kulibenso, sizasi ya Boma la atsamunda inapita, ndipo tiyamika kuti inapita. Koma nchito yosankha cimene mwana aone siinathe. Yangosamuka, nigwera atate ndi amai. Bambo amene ali pa shifiti ya usiku ndi mai amene ali ku msika ayenera kudziwa cimene ciri m'makina amene asiyira ana.

Kunena za cithunzi ici, ine nditi ana angathe kuciona. Mwazi suoneka, zamanyazi mulibe, ndipo poyerekeza ndi zambiri za masiku ano ncofatsa ndithu. Koma pakhale wamkulu pafupi woti awafotokozere zinthu zitatu.

Coyamba ndi cija ndanena, cakuti nkhondoyo ndi gule wophunziridwa, ndipo wakufayo anauka nakalandira malipiro ace.

Caciwiri ncakuti Robin sadzisungira kanthu. Cuma cimene alanda kwa Sir Guy acipatula kuti cikaombole mfumu ndi kudyetsa osauka amene athawira kwa iye. Salimbana ndi lamulo, koma ndi anthu amene aba lamulo naliyesa cuma cao. Ndipo pokamba ndi Richard, osadziwa kuti ndi mfumu, amdzudzula poyera kuti anasiya anthu ace kwa afisi napita kukamenya nkhondo za kutali. Mau amenewo ayenera kumvedwa ndi ali yense wokhala pa mpando, kuyambira nyakwawa kufikira nduna ya Boma. Mnyamata woba waya wa magetsi kapena mbuzi ya mnansi wace, nadzicha Robin Hood, wanama, pakuti iye aba kwa osauka anzace.

Cacitatu ncakuti munthu wa mfuti wokhala m'chire sakhala wokoma monga wa m'baisikopo. Dziko lathu linaona zimenezi. Kuyambira 1975 kufikira 1982 Adamson Mushala ndi gulu lace anakhala m'nkhalango za cigawo ca kumpoto cakumadzulo akulimbana ndi Boma, kufikira asilikari anamupha. Ena anamtamanda, koma anthu a m'midzi ya kumeneko anaona nyumba zikutenthedwa ndi ana ao akutengedwa mokakamiza. M'nthano mubvi ulasa woipa yekha. Kunja kuno ulasa ali yense amene waima pa njira.

Usiku uja ku Chiparamba tinaonera kufikira pothera. Azakhali anakhala pa mphasa atafulatira pang'ono, koma pamene cingwe cinali pafupi kulowa m'khosi mwa Robin ndinawamva akuti, "Fulumirani, inu anzace!" Cithunzi citatha iwo ndiwo anasonkhanitsa ana, nawafunsa mmodzimmodzi kuti anene cimene John analakwa, ndipo anawacenjeza kuti amene adzapezeka ndi lupanga la nsungwi mawa adzaona cimene cinameta nkhanga mpala. Agogo anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati zithunzi za Jeke zipezekanso zathunthu, zosadulidwa. Ndinawalonjeza kuti ndidzabwera naco cimodzi pa nthawi ya Nc'wala.

Inu amene muli ndi nkhalamba zimene zinaonera baisikopo pa bwalo la komboni, khalani nazo pansi muzifunse m'mene zinaliri, zisanapite ndi nkhani zao. Ndipo mukapeza Robin Hood, muonere pamodzi ndi ana anu, osati kuwasiya okha.